Pulofesa Lameck Goma, Munthu Amene Anafufuza Udzudzu

Tisanawerenge

1. Kodi udzudzu umaluma kwambiri nthawi yanji?
2. Kodi munadwalapo malungo? Munali kumva bwanji m'thupi?
3. Kodi udzudzu umabadwira kuti?

Gawo 1: Mwana wa ku Lundazi

Usiku wafika. Mwagona pa mphasa ndipo tulo tayamba kubwera. Kenaka mukumva kanthu kakulira pafupi ndi khutu, nyiii! Mukumenya ndi dzanja, pha! Koma kathawa. Ameneyo ndi udzudzu.

Anthu ambiri akaona udzudzu amangofuna kuupha basi. Koma kunali munthu wina wa m'dziko lathu la Zambia amene anafuna kuudziwa bwino. Anaufufuza kwa zaka zambiri. Dzina lake anali Lameck Goma.

Lameck Goma anabadwa m'caka ca 1930 m'boma la Lundazi. Masiku amenewo dera la Chama ndi Chikwa linali pansi pa boma la Lundazi. Dziko lathu linali lisanachedwe Zambia. Linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo olamulira anali azungu a ku Britain.

Pa nthawi imeneyo masukulu anali ocepa kwambiri. Ambiri anali a mishoni. Ana anali kuyenda mtunda wautali wapansi kuti akafike ku sukulu. Ena analibe nsapato. Ena analibe makope, motero anali kulemba pa sileti kapena pansi pa dothi. Ana ambiri anali kuphunzira zaka zowerengeka cabe, kenaka n'kuleka. Ena sanaponde n'komwe pa khomo la sukulu.

Lameck sanaleke sukulu. Anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Anatsiriza maphunziro a pulaimale ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale.

Gawo 2: Ku Munali ndi ku Fort Hare

Lero m'boma lililonse muli masukulu a sekondale. Kale sizinali conco ai. Sukulu ya sekondale yochuka ya ana acikuda inali ya Munali, ku Lusaka. Anyamata ocokera m'zigawo zonse anali kulimbirana malo pa sukuluyi. Malo anali ocepa, ofuna malo anali ambiri. Okhoza bwino mayeso ndiwo anali kulowa. A Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia, naonso anaphunzira pa Munali.

Lameck anapeza malo pa Munali. Kucoka ku Lundazi kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 700. Masiku amenewo mseu unali wafumbi, wopanda phula. Ulendo unali wautali ndiponso wotopetsa. Mwana akapita ku Munali anali kugona konko. Anali kukhala miyezi yambiri osaona amai ake ndi atate ake.

Atatsiriza ku Munali, Lameck anafuna kupitiriza maphunziro. Koma panali vuto lalikulu. M'dziko lonse la Northern Rhodesia munalibe yunivesite ngakhale imodzi. Wofuna digiri anayenera kupita ku dziko lina.

Motero Lameck anapita ku South Africa. Anakalowa koleji ya Fort Hare, m'tauni ya Alice. Koleji imeneyi inayamba m'caka ca 1916. Inali kulandira ophunzira acikuda ocokera m'maiko ambiri a mu Africa. A Nelson Mandela naonso anaphunzirapo pa Fort Hare.

Kumeneko Lameck anasankha sayansi. Sayansi ili ndi nthambi zambiri, monga mtengo. Nthambi imodzi imachedwa bayoloje. Bayoloje ndi phunziro la zinthu zamoyo: mitengo, udzu, nsomba, mbalame, nyama ndi anthu. Lameck anakonda mbali ya zinyama. M'phunziro limeneli njovu ndi nyama, nyerere nayonso ndi nyama. Zonse amaziphunzira.

Atatenga digiri yake yoyamba, anaoloka nyanja kupita ku England. Anakaphunzira pa Yunivesite ya Cambridge. Iyi ndi imodzi mwa mayunivesite akale kwambiri pa dziko lapansi. Ku England kumazizira koopsa, kuposa m'mwezi wa June kuno kwathu. Kwao kunali kutali, koma anapirira mpaka anatsiriza. Akuluakulu amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwana wa ku Lundazi uja tsopano anali atakula. Anthu anayamba kumuitana mwaulemu kuti a Goma.

Gawo 3: Nchito ya m'madambo

A Goma anakagwira nchito ku dziko la Uganda. Anali pa koleji ya Makerere, mumzinda wa Kampala. Nchito yao inali yofufuza. Wofufuza ndi munthu amene amafunsa funso, kenaka n'kufunafuna yankho mosamala. Samangoganizira ai. Amapita kukaona ndi maso ake. Amawerenga zimene wapeza, n'kuzilemba m'buku.

Ku Uganda kuli madambo akuluakulu odzaza madzi. M'madambomo mumamera gumbwa. Gumbwa ndi comera ca m'madzi cimene cimatalika kuposa munthu wamkulu. Cimamera mothithikana, moti pansi pake pamakhala mthunzi. Ku Uganda kulinso malungo ambiri, monga kuno kwathu. Funso la a Goma linali ili: kodi udzudzu wa malungo umaswana pati m'madambo amenewa?

Funso limeneli linali lofunika kwambiri. Malungo amapha anthu, makamaka ana aang'ono. Amavutitsanso amai oyembekezera. Mwana wodwala malungo sapita ku sukulu. Mlimi wodwala malungo sagwira khasu. Kuti anthu agonjetse udzudzu, ayenera kudziwa kumene umabadwira.

A Goma anali kudziwa kale moyo wa udzudzu. Nanga inu mukuudziwa? Tiyeni tione.

Udzudzu waukazi umaikira mazira pa madzi. Mazirawo ndi ang'onoang'ono zedi. Pakapita masiku awiri kapena atatu amaswa, ndipo mumatuluka timphutsi. Timphutsi timeneti timakhala m'madzi. Timasambira mopindikapindika. Tikakula timasanduka tinthu topindika ngati cizindikiro ca mpatuliro cimene mumalemba m'ziganizo. Pomaliza khungu limang'ambika, ndipo udzudzu wa mapiko umatuluka n'kuuluka. Kukamatentha, zonsezi zimatenga masabata awiri, mwinanso osakwana. Popanda madzi, udzudzu sungabadwe.

Udzudzu waumuna suluma anthu. Umangomwa timadzi totsekemera ta m'maluwa. Woluma ndi waukazi. Umafuna magazi kuti mazira ake akhwime.

Si udzudzu wonse umene umafalitsa malungo. Mitundu ya udzudzu ilipo yambirimbiri. Wofalitsa malungo umachedwa Anopheles. Umaluma usiku. Ukaluma munthu wodwala, umayamwa magazi pamodzi ndi tizilombo ta malungo. Tizilomboto timakula m'thupi mwa udzudzu. Tsiku lina ukaluma munthu wina, umamusiyira tizilomboto. Ndi mmene malungo amayendera kucoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo.

Nchito yofufuza timphutsi ndi yovuta. Wofufuza amalowa m'matope. Amatunga madzi ndi cikho, n'kuyang'anitsitsa. Ngati muli timphutsi, amatiika m'botolo. Pa botolo amalemba tsiku ndi malo amene watipeza. Kenaka amapita nato ku cipinda cofufuzira. Kumeneko amationa pa maikulosikopu, makina amene amakulitsa tinthu tating'ono.

Kodi angadziwe bwanji kamphutsi ka Anopheles? Pali cizindikiro. Kamphutsi ka Anopheles kamagona copingasa pamwamba pa madzi. Timphutsi ta mitundu ina timalendewera, mutu pansi. Udzudzu wa Anopheles ukakula, nawonso uli ndi cizindikiro cake. Ukatera pa khoma umakweza kumbuyo kwake m'mwamba.

A Goma anagwira nchito imeneyi m'madambo ambiri a ku Uganda. Sinali nchito ya tsiku limodzi ai. Inatenga zaka. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo 4: Zimene anapeza

Munthu akaona dambo lalikulu amaganiza kuti udzudzu wonse umacokera m'kati mwake. Koma a Goma anapeza zina. M'kati mwenimweni mwa dambo la gumbwa simunali malo abwino a udzudzu woopsa wa Anopheles gambiae. Udzudzu umenewu umakonda tizithaphwi tating'ono toombedwa ndi dzuwa. M'kati mwa gumbwa muli mthunzi.

Nanga timphutsi tambiri tinali pati? Tinali m'mphepete mwa madambo. Tinali kupezeka makamaka pamene anthu anasintha dambo. Anthu akadula gumbwa, dzuwa limafika pa madzi. Akalima kapena kukumba maenje, madzi amaima m'menemo. Ng'ombe zikaponda pa matope, mapazi ake amasiya timaenje. Timaenje timeneti timasunga madzi. Udzudzu umabwera n'kuikira mazira.

Ha! Ndiye kuti nthawi zina anthu amaukonzera okha udzudzu malo oswanira, osadziwa. Ici cinali cinthu cofunika kuti alimi ndi anchito a zaumoyo acidziwe.

A Goma sanangoyang'ana cabe. Anayesanso kulera timphutsi ta Anopheles m'dambo la gumbwa, kuti aone ngati tingakule m'menemo. Umu ndi mmene asayansi amacitira. Akaganiza cinthu, amaciyesa kuti aone ngati n'coona.

Wofufuza sabisa zimene wapeza. M'caka ca 1960 a Goma analemba za kafukufuku wao m'magazini a sayansi a ku Britain. Imodzi mwa magaziniwo inali Nature, imene asayansi a m'maiko onse amawerenga. Yunivesite ya London inawapatsa digiri yapamwamba yochedwa PhD. Kucokera pamenepo anakhala Dokotala Goma. Sanali dokotala wa m'cipatala wobaya jekeseni ai. Anali dokotala wa maphunziro.

Anagwiranso nchito ku Entebbe, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. Kumeneko kunali malo ofufuzira matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. A Goma anafufuza mmene udzudzu wochedwa Aedes umaikira mazira. Udzudzu umenewu umaluma masana. Umakonda kuswana m'zitini, m'miphika ndi m'matayala akale mmene mwaima madzi.

Anafufuzanso udzudzu wina wodabwitsa. Ndi waukulu kuposa udzudzu wina wonse, koma suluma munthu. Timphutsi take timadya timphutsi ta udzudzu unzake. Eya, pali udzudzu umene umathandiza anthu!

M'caka ca 1966 buku la a Goma linasindikizidwa ku London. Dzina la bukulo ndi The Mosquito, kutanthauza udzudzu. Ophunzira a m'makoleji analigwiritsa nchito. Taonani, mwana wobadwira ku Lundazi analemba buku lophunzitsa anthu a m'maiko ena.

Gawo 5: Kubwerera kwao

Pa 24 October 1964 dziko lathu linalandira ufulu. Linachedwa Zambia. Anthu anavina ndi kuimba usiku wonse. Koma nchito yaikulu inali patsogolo. Dziko linafunika madokotala, aphunzitsi, oweruza milandu ndi akatswiri a migodi. Pa nthawiyo, anthu acikuda a mu Zambia amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe. M'dziko lonse! Akanakwana m'makalasi awiri okha.

Boma linaganiza zomanga yunivesite. Anthu wamba anathandiza. Ena anapereka ndalama, ena nkhuku, ena mbuzi. M'caka ca 1966 Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa ku Lusaka. Ophunzira oyamba anali 312.

Yunivesite yatsopanoyi inafunika aphunzitsi odziwa bwino. A Goma anali ndi nchito kunja, ndipo dzina lao linali kudziwika. Koma anabwerera kwao. Anakhala pulofesa wa sayansi ya zinyama. Tsopano ana a mu Zambia anatha kuphunzira bayoloje m'dziko lao lomwe. Sanafunikenso kupita ku South Africa monga anacitira iwo.

Woyendetsa yunivesite amachedwa Vice Chancellor. Woyamba anali a Douglas Anglin, ocokera ku dziko la Canada. M'caka ca 1969 a Goma analowa m'malo mwao. Anakhala munthu woyamba wa mu Zambia kuyendetsa yunivesiteyi. Anagwira nchitoyi mpaka caka ca 1976.

Pambuyo pake a Kaunda anawasankha kukhala nduna ya maphunziro. Kucokera mu 1981 mpaka 1986 anali nduna yoona za ubale wa Zambia ndi maiko ena. Anayenda m'maiko ambiri kukalankhulira dziko lathu.

Pulofesa Lameck Goma anamwalira m'caka ca 2004. Koma dzina lao silinaiwalike. Pa Yunivesite ya Zambia, pafupi ndi mseu wa Great East, pali tinyanja tokongola tozunguliridwa ndi mitengo. Tinyanja timeneti timachedwa Goma Lakes. Ophunzira amakhala pamenepo n'kumawerenga mabuku ao.

Gawo 6: Nanga kuno kwathu?

Ku Chikwa ndi ku cigwa ca Luangwa. Kumatentha, ndipo nthawi ya dzinja madzi amaima m'malo ambiri. Alimi a m'boma la Chama amalima mpunga wokoma m'madambo. Mpunga ndi cakudya, ndiponso umabweretsa ndalama. Sitingaleke kulima. Koma madzi oima ndiwo nyumba ya timphutsi ta udzudzu.

Zimene a Goma anapeza ku Uganda zingatithandize ifenso. Dzenje limene anthu anaumbapo njerwa likasiyidwa, limasunga madzi. Tizithaphwi ta pafupi ndi mjigo naponso udzudzu umaswana. Tikakwirira maenje a pafupi ndi nyumba, timacepetsa udzudzu. Tikataya madzi a m'zitini, timacepetsa udzudzu. Usiku uliwonse tizigona m'neti. Neti si yogwirira nsomba ai. Thupi likatentha, tiuze akulu msanga kuti atipereke ku cipatala kukapimitsa magazi.

Mafunso onena za udzudzu sanathe. Malungo akalipo mpaka lero. Dziko la Zambia likufunabe ofufuza, anyamata ndi atsikana omwe. A Goma naonso anayamba ngati inu, kuphunzira a, e, i, o, u. Mawa mvula ikagwa, kaimeni pa cithaphwi. Yang'anitsitsani m'madzimo. Kodi muli timphutsi tingati? Kodi tagona copingasa, kapena talendewera mutu pansi?

Mau atsopano

kufufuza: kufunafuna yankho mosamala
bayoloje: phunziro la zinthu zamoyo
gumbwa: comera cacitali ca m'madambo a madzi
cithaphwi: madzi ocepa oima pansi
kuswana: kuberekana n'kuculuka
yunivesite: sukulu yapamwamba imene imapereka madigiri
nduna: munthu wosankhidwa kuyendetsa mbali ina ya boma

Nchito 1: Yankhani mafunso awa

1. Kodi a Goma anabadwa m'caka citi?
2. Kodi anabadwira m'boma liti?
3. N'cifukwa ciani anapita kukaphunzira ku South Africa?
4. Kodi udzudzu woluma ndi waumuna kapena waukazi?
5. Kodi a Goma anapeza timphutsi tambiri m'kati mwa dambo kapena m'mphepete?
6. Chulani zinthu ziwiri zimene anthu amacita zothandiza udzudzu kuswana.
7. Kodi a Goma anacita bwino kubwerera ku Zambia? Fotokozani maganizo anu.

Nchito 2: Lembani zoona kapena zabodza

1. Udzudzu umaikira mazira pa mcenga wouma.
2. A Goma anaphunzira pa sukulu ya Munali.
3. Udzudzu uliwonse umafalitsa malungo.
4. A Goma analemba buku lonena za udzudzu.
5. Goma Lakes ili ku Lundazi.

Nchito 3: Tsirizani ziganizo ndi mau awa

madzi, Uganda, neti, 1966, usiku

1. A Goma anafufuza udzudzu ku dziko la ________.
2. Udzudzu wa Anopheles umaluma ________.
3. Timphutsi ta udzudzu timakhala m'________.
4. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca ________.
5. Tizigona m'________ usiku uliwonse.

Nchito 4: Sanjani bwino

Lembani malo awa motsatira mmene a Goma anayendera: Cambridge, Lundazi, Makerere, Munali, Fort Hare.

Zocita m'magulu

Pitani kunja pamodzi ndi aphunzitsi anu. Zungulirani sukulu yanu. Werengani malo onse amene paima madzi. Lembani nambala yake m'kope. Musamwe madziwo, ndipo musambe m'manja mukabwerako. Kenaka kambiranani zimene mungacite ndi malo amenewo.

Nchito ya kunyumba

Jambulani moyo wa udzudzu kuyambira pa dzira mpaka pa udzudzu wa mapiko. Aonetseni akulu a kunyumba kwanu, ndipo muwafotokozere nkhani ya Pulofesa Goma.